Kugula injini n'kosavuta, ntchito ili pa tizitsulo

Tsiku limene injini idafika pakhomo pa malume anga, amayi ena oyandikana nawo adalulutira ngati kwabwera mkwatibwi. Idabwera madzulo pa lole yochokera ku Limbe, itakhazikidwa pa matayala akutha. Ana adaiunjirira. Malume adaisisita pamwamba n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Loweruka lino tikhala tili pa Kachulu, tikukweza matemba."

Limenelo lidali Lolemba. Galimoto idachoka pansi pa mtengo wa mango patatha masiku 11, ndipo m'masiku amenewo injini yeniyeniyo siidativutepo. Zidatizunza ndi zinthu zoti utha kuziika m'thumba la malaya: kabelingi, kawaya, kapaipi kong'ambika.

Ine ndidali patchuthi kumudzi. Ndine mtolankhani, ndipo pa nthawiyo sipanala ya 12 ndi ya 14 ndinkangoziona zofanana. Ntchito yanga idali kujambula pafoni, kugwira tochi ndi kutumidwa. Komabe zimene ndidaona ndikufuna ndikuuzeni, chifukwa masiku ano eni galimoto ambiri akugula injini zakale za kunja, ndipo ambiri akumaganiza kuti akalipira kwa wogulitsa ndiye kuti nkhani yatha.

Galimoto yodyetsa makomo angapo

Kwathu ndi m'dera la mfumu yaikulu Mwambo ku Zomba, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Kuchoka m'tauni ya Zomba kukafika pa doko la Kachulu, pomwe maboti a ku chilumba cha Chisi amakocheza, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Anthu kuno amadalira nsomba, monga matemba, makumba ndi milamba, komanso mpunga wa kusikimu ya Likangala. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Idaumapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 idaphweranso kwambiri. Choncho aliyense kuno amadziwa kuti nsomba zikapezeka, suzengereza.

Pikapu ya malume, Toyota Hilux yakalekale ya dizilo, ndiyo imanyamula matumba a matemba ndi mpunga kupita nawo kumisika. Ndiyonso anthu amagogodera usiku mayi woyembekezera akafunika kuthamangira naye kuchipatala chachikulu cha Zomba. Ikaima, si malume okha amene amagwira njakata.

Imfa ya injini yoyamba idayamba kalekale. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasefukiza mitsinje, malume adaoloka nayo madzi amatope kangapo. Matope ndi zinyalala zidamatirira pa redieta. Kuchokera apo kasingano koonetsa kutentha kadayamba kukwera. Mankhwala a malume adali chigubu cha madzi kumbuyo kwa mpando: ikatentha, kuima, kudikira, kuthira. Madzi ake adali a pamjigo, ndipo mijigo ina ya kufupi ndi nyanjayi imatulutsa madzi amchere.

Adayenda choncho chaka ndi miyezi. Kenako hedi idang'aluka, madzi adasakanikirana ndi oilo mpaka kuoneka ngati tiyi wamkaka. Iwo adati angomaliza ulendo umodzi wokha. Ulendo umenewo injini idayamba kugogoda, ndipo galimoto idabwerera kunyumba chokokedwa.

"Ndi banja limodzi, imangolowa"

Makaniko wa m'dera lathu, bambo wachikulire yemwe tonse timangowatchula kuti amisiri, atatsegula injiniyo adapukusa mutu. Kuikonza kukadafuna hedi ina, mabelingi, kukapalitsa crankshaft ku Blantyre ndi zina zambiri. Atawerengera, kugula ina yathunthu kudaoneka kwanzeru.

Ndalama zidasonkhanitsidwa movutikira. Malume adagulitsa mpunga womwe ankasungira kuti adzagulitse mitengo ikakwera. Akazi awo adatenga ngongole kubanki m'khonde, m'dzina lawo, yoti ayambe kubweza mwezi wotsatira. Musaiwale kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Mtengo umene udamva mwezi watha, ukapita lero upeza wina.

Ku Limbe adasowa injini ya 2L, mtundu womwe udali m'galimotomo. Adapeza ya 3L yochotsedwa mu Toyota Hiace ya ku Japan. Wogulitsa adati: "Madala, izi ndi banja limodzi, imangolowa." Sadaname kwenikweni. Injini za Toyota za 2L, 3L ndi 5L n'zapachibale: 2L ndi ya malita 2.4, 3L ya 2.8, pomwe 5L ndi ya 3.0, ndipo thupi lake kunja n'lofanana kwambiri. Chimene sadanene n'choti zovala zake zimasiyana malinga ndi galimoto imene injiniyo idakhalamo.

Mwayi wake malume adapita ndi amisiri. Iwo adaizunguza pamanja kuti amve ngati ikuyenda bwino, adasuzumira pothirira oilo, n'kuuza anyamata a pashopu kuti ailize pansi pomwepo ndi batire. Adayang'ana utsi, adamvetsera. Kenako adakakamira kuti nambala ya injini ilembedwe pa lisiti. Wogulitsa adapereka masiku 7: ikavuta m'masiku amenewo, abweze. Akadutsa, zawo.

Injini za 3L zidayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndiye kuti injini "yatsopano" imene amayi ankailulutira ija mwina idabadwa ine ndisanabadwe.

Kuziika pambalimbali

Kumudzi kulibe dzenje la garaja. Amisiri ndi sipanala boyi wawo, mnyamata wa zaka 17, adaimika milongoti itatu ya bulugama, kuimanga pamwamba ndi tcheni, n'kupachikapo chain block yobwereka kwa mwini chigayo. Matayala adawatsekera ndi miyala. Lamulo loyamba lidaperekedwa kwa tonse, ngakhale kwa malume: injini ikakhala m'malere, palibe woika mutu kapena dzanja pansi pake.

Asanamasule chilichonse, amisiri adandiitana.

"Inu a nyuzipepala, foni yanuyo igwire ntchito. Waya aliyense mujambule pomwe walowa."

Ndidajambula zithunzi zoposa 60, ndipo waya aliyense tidammata kapepala kolembapo nambala. Mabauti a chigawo chilichonse ankalowa m'jumbo yakeyake. Ndidaona ngati n'kutaya nthawi. Pofika Loweruka, zithunzi zimenezo ndizo zinkathetsa mikangano.

Injini yakale itatuluka, adaigoneka pafupi ndi inzake ija. Apa mpamene ndidamvetsa za zovala. Mu Hiace injini imakhala pansi pa mipando, pomwe mu Hilux imakhala kutsogolo, pansi pa boneti. Choncho sampu, chibeseni cha pansi chosungira oilo, idali yosiyana kapangidwe ndipo ikadagunda chitsulo chopingasa cha galimoto. Miyendo yokhazikira injini idali yosiyana. Mapaipi olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi ankaloza kwina.

Malume adafunsa ngati sangangoitana wowotcherera kuti adule apa ndi apo.

"Ayi abwana," adatero amisiri. "Wakufayu ndiye atipatse zovala. Tivula uyu, tiveka uyu."

Adasamutsa sampu pamodzi ndi kapaipi kake koyamwira oilo ndi ndodo yopimira, chifukwa zitatuzi zimayendera limodzi. Ukasintha sampu yokha, kapaipi katha kukhala m'mwamba osafika pa oilo, kapena ndodo n'kumakunamiza kuti oilo ngodzadza. Sampu yakaleyo adaitsuka ndi palafini kawiri konse, popeza mudali tizidutswa ta zitsulo ta mabelingi akufa aja. Adasamutsanso miyendo, mapaipi, ndi kachida kopima kutentha kwa madzi, kuti kagwirizane ndi kasingano ka padashibodi. Phunziro lake: osagulitsa injini yakale kwa ogula zitsulo ntchito isanathe.

Mkangano woyamba udabuka pa lamba wa timing. Malume adati akuoneka wabwinobwino. Amisiri adati lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100 000 aliwonse, ndipo palibe akudziwa kuti uyu adayenda mtunda wotani kapena adakhala zaka zingati m'nkhokwe. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu, ndalama yonse ija n'kupita m'madzi. Injini ili pansi, kusintha lambayu n'kwa maola ochepa. Malume adadandaula, koma adatulutsa ndalama. Ataika lamba watsopano ndi kugwirizanitsa zizindikiro zake, amisiri adazunguza injini pamanja kawiri kathunthu, kutsimikiza kuti palibe chogunda ndipo zizindikiro zabwerera pamalo pake.

Kabelingi ka makilomita 60

Hiace ija idali ya automatic. Kumbuyo kwa injini yake kudali chimbale chopyapyala m'malo mwa flywheel yolemera yomwe kilatchi imagwirapo. Adachotsa chimbalecho, n'kuikapo flywheel ya injini yakale ndi mabauti ake, chifukwa a chimbale chija ngaafupi. Kilatchi adailunjika pakati ndi kamtengo kosema, popeza chida chake chenicheni padalibe.

Lachinayi masana injini idakwezedwa m'malere. Itatsala pang'ono kulowa, amisiri adati tiime. Adapisa chala pakati pa kilatchi, kufika kumapeto kwa crankshaft, n'kukhala chete.

"Tsitsani."

Pamalo pamenepo pamayenera kukhala kabelingi kakang'ono, kokulirapo pang'ono kuposa chitsekerero cha botolo, komwe kamagwira nsonga ya shafuti ya giyabokosi. Galimoto za automatic sizikhala nako. Popanda iko galimoto ilira ndithu, iyendanso, koma shafutiyo imagwedera, magiya amayamba kuvuta kulowa, ndipo pakapita miyezi giyabokosi imawonongeka. Pamenepo uyenera kutsitsanso zonse.

Kakale kaja adakatulutsa mwa njira yomwe sindidzaiiwala: kupakira sopo m'bowo, kulowetsa bauti yokwana bwino, n'kumenya ndi hamala mpaka sopo atakakankhira kunja. Koma katatuluka kadali kolira ngati muli mchenga. Pafupi padalibe shopu yoti n'kukapeza. Lachisanu m'mawa ndidakwera kabaza wa njinga yamoto kupita m'tauni ya Zomba, kabelingi kakale kali m'thumba kuti ndikayerekeze. Ndalama ya kabaza, kupita ndi kubwera, idaposa mtengo wa kabelingiko. Tsiku lathunthu lidapita.

Madzulo ake anti, akazi a malume aja, adandifunsa chapansipansi tikutsuka mbale: "Kodi iwe, ukuona ngati ilira imeneyi? Lachitatu kuli msonkhano wa kubanki." Ndidayankha kuti ilira, koma mumtima ndidalibe umboni.

Kiyi akapotokola, "tcha!"

Loweruka, tsiku lija la matemba, injini idalowa n'kukumana bwino ndi giyabokosi. Mawaya adabwerera m'malo mwake motsatira zithunzi. Oilo watsopano, mafyuluta atsopano, madzi. Dzuwa likupendeka, malume adakhala pa chiwongolero, anthu atazungulira. Adapotokola kiyi.

"Tcha!" Basi.

Adayesanso. Sitata idazungulira mwaulesi kamodzi n'kuima. Akatswiri a m'mbali adayamba. Wina adati batire latha. Wina adati sitata yapsa. Wina adati atigulitsa injini yogwira. M'bale wina adanong'oneza malume kuti pakhomo pano pali anthu ansanje.

Amisiri sadayankhe aliyense. Adapima batire, lidali lamphamvu. Kenako adagwira waya wa akiselereta n'kubweza dzanja msanga: adali wotentha. Adaseka.

"Mwana iwe, earth uja uli kuti?"

Sipanala boyi adakanda mutu. Waya wonenepa wolumikiza injini ku thupi la galimoto adali lende pansi, osamangidwa. Sitata imakoka magetsi ambiri, ndipo magetsiwo amayenera kubwerera ku batire kudzera mwa waya ameneyu. Injini imakhala pa mphira, ndiye magetsi atasowa njira adayamba kudzera mu kawaya ka akiselereta. Bauti imodzi, kupala dzimbiri pang'ono ndi sandipepa, sitata idazungulira mwamphamvu.

Koma injini siidalire. Mdima udagwa, tidaweruka.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, kutatsala tsiku limodzi kuti masiku a wogulitsa athe, amisiri adandiphunzitsa kafunsidwe kawo. Adati injini ya dizilo ngati iyi siifuna zambiri: mpweya, dizilo wofika pa nthawi yake, ndi mphamvu yopanikiza. Ku Limbe idalira, ndiye mphamvu ilipo. Zizindikiro za lamba adazitsimikiza. Chotsala ndi dizilo.

Adamasula pang'ono paipi ya pa nozo imodzi, malume n'kupotokola kiyi. Padali pouma. Pa pampu ya dizilo pali kavavu ka magetsi komwe kamatseguka kiyi akayatsidwa, ndipo ndiko kamazimitsa injini ukazimitsa kiyi. Pulagi ya Hiace idali yosiyana ndi ya Hilux, ndipo waya amene tidalumikizapo sadali wake. Amisiri adatenga babu la indiketa lomangirira mawaya awiri, n'kumagusa waya mmodzimmodzi mpaka atapeza amene amayatsa babulo kiyi akatsegulidwa, n'kuzima akatsekedwa. Atamulumikiza, tidamva kavavu kakuti "ke".

Kenako kutulutsa mpweya m'mapaipi: kupopa kabatani ka pamwamba pa fyuluta mpaka katalimba, kumasula mapaipi a manozo, kuzunguza injini mpaka dizilo atatuluka wopanda thovu, n'kumanganso. Cha m'ma 5 koloko, injini idatsokomola kawiri, idatulutsa utsi woyera, kenako idagwira. Anti adatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja. Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu.

Patangopita mphindi zochepa idazima yokha.

Kulira si kuchira

Lolemba lonse lidathera pa vuto limeneli. Ukapopa, ilira, kenako izima. Malume adafuna kuimbira wogulitsa kuti abweze injini tsiku lisanathe. Amisiri adapempha ola limodzi. Adatenga chigubu cha dizilo, kuchiika pamwamba, n'kulumikiza paipi kuchoka m'chigubumo kupita ku pampu, kulambalala thanki ndi mapaipi onse a galimoto. Injini idalira theka la ola osadodoma.

"Mwaona? Mlendoyu alibe mlandu. Vuto ndi la pakhomo pompano."

Adaika kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, ndipo tonse tidaona timathovu tikudutsa. Atatsatira mapaipi, adapeza kamphira kakale kong'ambika pansi pa kilipi. Dizilo sankadontha chifukwa mbali imeneyo pampu imayamwa, ndiye m'malo motulutsa mafuta, mng'aluwo unkalowetsa mpweya. Paipi yosafika kutalika kwa dzanja langa ikadabwezetsa injini yabwinobwino ku Limbe.

Lachiwiri lidali tsiku loyesa kuyenda. Malume adafuna msewu waukulu. Amisiri adati tiyambe pabwalo la mpira, pa giya yoyamba. Mwayi wake adawamvera. Atafika kumapeto kwa bwalo, malume adaponda buleki, ndipo ndidaona nkhope yawo ikusintha. Buleki idali gwa ngati mwala. Adaimirira nayo ndi mphamvu zonse, amisiri n'kukoka handibuleki, galimoto idaima itakhudza kale mpanda wa udzu wa munthu wina. Kuseri kwa mpandawo kudali ana akusewera.

Palibe adalankhula kwa kanthawi.

Galimoto ya petulo imapeza mphamvu yofewetsa buleki kuchoka ku kuyamwa kwa injini. Ya dizilo ngati iyi ili ndi kapampu kakekake, kamene kamakhala kumbuyo kwa alternator. Kapaipi kochoka pa kapampuko kupita ku buleki kadalowetsedwa ndithu, koma pakamwa pake padali potakasuka chifukwa cha ukalamba, ndipo kadavuka injini itayamba kunjenjemera. Mu zithunzi zanga kankaoneka bwinobwino. Chithunzi sichikuuza ngati mphira walimba. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva munthu akuti "yalira, tiyeni tikayese pa tala", mtima umandigunda.

Chimene chidapha yoyamba chikadali pomwepo

Mabuleki atakonzedwa, malume adati basi, mawa ku Kachulu. Amisiri adapukuta manja n'kuloza redieta.

"Abwana, amene adapha injini yoyamba ndi uyu. Mukufuna aphenso yachiwiri?"

Apa padavuta. Ndalama zidali zitatha, ndipo Lachitatu anti adapita kumsonkhano wa kubanki chimanjamanja, kukapempha kuti awadikire. Malume adakwiya, adati amisiri akungochulukitsa ntchito kuti malipiro akwere. Adatinso achotse thermostat monga amachitira ena, madzi azingoyenda. Amisiri adakana. Adati kuchotsa thermostat n'kubisa matenda: injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, imadya mafuta ambiri, ndipo redieta yotsekeka imakhalabe yotsekeka. Adaika thermostat m'poto wa madzi pambaula, ndipo tidaiona ikutseguka madzi asanawire. Idali yamoyo.

Kenako adauza malume kuti agwire redieta injini itatentha pang'ono n'kuzimitsidwa. M'mbali mudali motentha, pakati pozizira. Madzi sankadutsa pakatipo.

"Mukakana, ine ndinyamula zida zanga. Ndalama yanga mudzandipatsa mukadzapeza. Koma dzina langa lisadzamveke kuti ndidamanga injini yofa mwezi umodzi."

Malume adakhala pa chitsa nthawi yaitali. Kenako adandiyang'ana.

"Mphwanga, uli ndi kangachepe?"

Ndidali ndi ndalama yobwerera kuntchito. Redieta idakwera kabaza kupita m'tauni, komwe adaitsegula n'kutokosa timapaipi take timodzitimodzi. Zimene zidatulukamo, dzimbiri ndi zoyera zolimba ngati laimu, adatipatsa m'jumbo kuti tikaonetse mwini wake. Chitsekerero chake tidagula chatsopano. Idabwerera Lachinayi, ndipo ulendo uno mudalowa coolant, osati madzi a pamjigo.

Oilo wakuda wa injini yakale sadatayidwe pansi. Adamuthira m'chigubu, ndipo anthu adagawana kukapaka mitengo ya makola poteteza chiswe. Kuno madzi onse a mvula amathera m'nyanja yopanda potulukira, momwe timapha nsomba zomwe timadya. Nyanja ya Chilwa ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, koma ngakhale popanda pangano, nzeru yake njodziwikiratu.

Lachisanu galimoto idayenda mpaka pa Jali n'kubwerera, kasingano kali phee pakati. Atabwerako, amisiri adakwawira pansi, kuyang'ana podontha ndi kulimbitsanso mabauti a miyendo.

Musanatulutse ndalama

Ngati nanunso mukuganiza zosintha injini pakhomo, nazi zimene ndidatolapo.

Ndalama zonse zisathere pa injini. Ife tidapita ku Limbe ndi ndalama yokwana injini ndi thiransipoti basi, ngati kuti lamba, mafyuluta, oilo, mapaipi, kabelingi, redieta, makabaza ndi malipiro a amisiri zidzagwa kumwamba. Zing'onozing'onozi zitaphatikizidwa zidakwana gawo lalikulu ndithu, ndipo n'zimene zidatichititsa manyazi kubanki m'khonde.

Funsani kuti injiniyo idachoka m'galimoto yanji, ya magiya apamanja kapena automatic, ndipo pitani ndi amene adzaimange. Safunsa adadya phula. Zinthu zotsika mtengo zomwe zimakhala pobisika, monga kabelingi kaja ndi labala yotchinga oilo kumbuyo kwa injini, gulani tsiku lomwelo muli m'tauni.

Dziwani chimene chidapha injini yoyamba, ndipo chikonzedwe injini ina isanalire. Mukapeza vuto, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Amisiri sadagule batire kapena sitata chifukwa choti gulu latero. Ankayamba apima, n'kupatula mbali imodzi, monga adachitira ndi chigubu chija.

Pali za mapepala. Nambala ya injini imalembedwa mu blue book, ndipo ikasintha, a Road Traffic amayenera kudziwitsidwa kuti zolembedwa zigwirizane ndi chimene chili pansi pa boneti. Mukapanda kutero, mudzavutika pokapimitsa COF, pogulitsa galimotoyo, kapena apolisi akadzafuna kudziwa komwe injiniyo idachokera. Lisiti lokhala ndi nambala lija ndilo mboni yanu. Malume adapita nalo ku ofesi ya ku Zomba sabata yotsatira.

Dziwaninso kuti nkhani yathuyi ndi ya injini yachikale, yomwe waya wake wofunika kuti ilire ndi mmodzi. Ma Sienta ndi ma Probox omwe adzadza m'misewu yathu ali ndi kompyuta yoyendetsa injini, masensa ambirimbiri, ndipo ena kiyi wake amayenera kudziwana ndi kompyutayo. Pamenepo khutu ndi babu la indiketa sizikwanira, pamafunika makina owerengera zolakwika. Amisiri adavomera okha kuti galimoto zimenezo amazitumiza m'tauni. Sipanala boyi uja akufuna kukaphunzira zimenezi ku Nasawa Technical College, konkuno ku Zomba. Ngati bungwe la Teveta likufuna achinyamata oti liwathandize, ena ali pansi pa mitengo ya mango, manja ali bii, ndipo theka la ntchito akulidziwa kale.

Loweruka lotsatira, mochedwa ndi sabata yathunthu, pikapu idafika pa Kachulu m'mamawa n'kukweza matemba. Ine ndidakwera kumbuyo, pamwamba pa matumba, mpaka m'tauni, popeza ndalama yanga ya basi idali mu redieta. Anti adabweza gawo loyamba la ngongole mochedwa, ndi chindapusa pamwamba. Ngongoleyo ikadalipo, yanganso sadandibwezere.

Chigubu cha madzi chija malume adachichotsa kumbuyo kwa mpando. Ndikawaimbira foni masiku ano, ndisanafunse za kunyumba amayamba okha kundiuza pomwe kasingano kali.